Wa Chikolopa

Belu la ku tchalitchi silifika kuno usiku.
Chimene chimamveka ndi chifuwa cha pa bedi la kukhomo,
tayala la tolole lolira ngati kamwana ka mbuzi,
ndi Likangala kumunsiko mvula ikagwa kuphiri.
Ine ndine wa chikolopa.
Zaka khumi ndi zinayi pa chipatala chachikulu cha Zomba
ndikupukuta masanzi a anthu osawadziwa maina.

Abusa akati tonsefe tinatumidwa
ine ndinkayang'ana zala za kumapazi.
Lilime langa ndi bulangete lonyowa, silinyamulika.
Atume amayi a Mvano odziwa mavesi pamtima,
atume anyamata a zimkuzamawu pa Mpondabwino
olalika mpaka tomato kunjenjemera pa benchi.
Ine andisiye ndi ndowa yanga.

Esinala, mnansi wanga ku Chikanda,
tinabwerekana machesi ndi sopo zaka zisanu ndi chimodzi.
Ndinkati mawa ndimuuza za Iye amene anandidzutsa
chaka chija ndinaika ana awiri mwezi umodzi.
Mawa. Mawa.
Bokosi lake linakwera lole ya ku Jali Lachiwiri m'mawa
mawu anga ali chikhalire m'tsaya ngati njere ya bwemba.

Ndiye dzulo, cha m'ma thu koloko,
magetsi atathima, jenereta ikutsokomola,
mnyamata wa ku ndende anandikodola ndi chala.
Unyolo kumwendo, unyolo kuchitsulo cha bedi,
womulondera akuwodzera, chipewa pamphuno.
Pa kadi analemba Lufeyo.
"Mayi, mumang'ung'udza chiyani mukamakolopa?"
Ndinati kanyimbo chabe.
"Mulungu wanuyo amafika pa bedi la munthu ngati ine?
Ndinakhapa mlamu wanga chifukwa cha malire a munda,
mizere itatu yokha ya chinangwa."

Chikolopa chinandidonthezera madzi paphazi.
Ndinafufuza vesi m'mutu, munali mbuu
ngati Ku Chawe m'mwezi wa Juni.
Ndinam'mwetsa kaye madzi, mutu wake uli m'dzanja langa,
wopepuka ngati chipanda chouma.
Kenaka ndinanena zokhazo zimene ndikuzidziwa:
kuti ndinamutukwanapo Mulungu pamanda, anthu akumva,
ndinataya Baibulo kuseri kwa mtondo miyezi isanu ndi itatu,
koma Iye sanasamuke pakhomo panga.
Kuti Yesu nayenso anagona usiku m'manja mwa asilikali
ndipo womaliza kucheza naye anali wamilandu.
Chibwibwi chinandigwira kawiri.
Pemphero langa linali lokhota ngati msewu wokwera phiri,
ndipo ameni tinanena mosiyana, iye patsogolo.

Sindikudziwa chimene chinamera mumtima mwake.
Sanalire, sanaimbe.
Anangoti, "Mawa mubwerenso ndi kanyimboko."
Sisita Mkwate anandikalipira kuti kolido yauma theka,
ndipo sananame.

Ndakhala ndikufunsa kuti ndinatsaliranji ine,
ana anapita, bambo awo anapita,
ine ndikudzukabe, ndikumangabe chitenje.
Ndinkayesa yankho lidzabwera ndi bingu.
Labwera ndi fungo la mankhwala ochapira pansi
ndi funso la munthu womangidwa mwendo:
mpweya uwu ndinabwereka,
ndipo mwini wake amafuna uzinena za Iye
ngakhale potuluka m'kamwa mwa wachibwibwi.

Kwacha tsopano.
Amayi a nkhuni akutsika phiri, mitolo yaitali kuposa iwo,
a kabaza akuimba mabelu pa depoti,
ophunzira akuthamangira ku Chirunga ndi mabuku kukhwapa.
Miyendo yanga ikufuna mphasa.
Koma m'nyumba ija ya Esinala munalowa wina,
mtsikana wa mwana kumsana, wosaseka ndi munthu.
Mwezi wathunthu ndangomupatsa moni wa pampanda.
Ndaima pakhomo pake, yunifolomu ikadali m'thupi,
mtima ukugunda ngati ndabera munthu.

Odi, odi kuno.